Amalume, ndiyambe karate kapena nkhonya?

Mwana wa achemwali anga amene amakhala ku Mufakose, muno mu Harare, anamutsomphola foni mwezi watha ali pawindo la kombi pasiteji ya Copacabana. Ankayankha uthenga pa WhatsApp, dzanja linangoti lowu pawindo, ndipo pomwe ankati acheuke n'kuti wakubayo atazimirira kale pakati pa anthu ogulitsa malonda. Lamlungu lotsatira anatulukira kwathu nkhope ili ndwii.

"Amalume, inu zimenezi munkasewera. Ndiyambe chiyani, karate kapena nkhonya? Ndikufuna wina akadzandiyesanso adzandidziwe."

Ndinamuuza kuti ngakhale akanamanga malamba akuda atatu m'chiuno, foniyo ikanapitabe. Yankholo silinamukomere. Komabe funso lakelo ndi lomveka, ndipo ndalimvapo kwa anzathu ambiri kuno ku Harare: amayi olawirira ku Mbare Musika kusanache, alonda ogwira usiku, makolo amene mwana wawo akuvutitsidwa kusukulu. Kungoti m'funsomo muli mafunso awiri opiringizana. Lina ndi lakuti ndi masewera ati amene angandikomere, linalo ndi lakuti ndi ati angandipulumutse zinthu zitavuta. Ambiri amayesa kuti lachiwirili ndiye lenileni, loyambalo ndi lachibwana. Ine ndinaona kuti loyambalo ndi limene limabereka linzakelo kumsana. Luso lomenya kapena kugwetsa munthu silikhala m'mutu ngati ndakatulo yoloweza, limakhala m'miyendo, m'mapewa ndi m'mapumidwe, ndipo thupi limaphunzira pang'onopang'ono, mwa kubwereza chinthu chimodzimodzi kambirimbiri. Munthu sangabwereze kwa zaka chinthu chimene chimamutopetsa mtima. Amene wayamba ndi mkwiyo wa foni yobedwa amasiya mkwiyowo ukangozirala, ndipo suchedwa kuzirala.

Masewerawa mayina ake ndi ochuluka, koma onse amagwera m'magulu awiri. Pali omenya: nkhonya, karate, taekwondo, ndi muay thai wa ku Thailand amene amaloleza zigongono ndi mawondo. Ndiye pali ogwirana ndi kugwetsana: judo, jiu-jitsu wa ku Brazil ndi masewera ogwetsana wamba. MMA, imene achinyamata amaionera pa foni masiku ano, imangophatikiza zonsezi. Koma kugawa kumeneku sikuthandiza kwenikweni munthu wofuna kudziteteza. Kugawa kothandiza ndi kwina: kodi pophunzirapo mnzako amakukaniza, kapena amakulola?

Zimenezi ine ndinaziphunzira ndi mphuno. Ndili mnyamata ndinachita karate zaka ziwiri m'holo ina ku Highfield. Tinkafola pamizere, aphunzitsi akawerenga ife n'kumamenya mpweya, kukuwa, kutembenuka pamodzi ngati asilikali. Kata, mndandanda wa mayendedwe oloweza uja, ndinkaitha bwino moti ankandiika kutsogolo kuti ena aziona. Tikamachita awiriawiri, mnzanga ankaponya chibakera chimodzi n'kuimitsa mkono m'mwamba, kudikira kuti ine nditchinge, ndipinde, ndimalize. Tsiku lina ndinakacheza kumene anyamata ankaphunzira nkhonya, ndipo anandibwereka magolovesi kuti ndiyesane ndi kamnyamata kena kowonda, koti kanali kasanathe ndi chaka komwe. Chibakera chake sichinkaima m'mwamba kundidikira. Chinkabwera n'kubwerera, chinzake chili kale m'njira. Ndinatsinzina, ndinatembenuza nkhope, ndipo mphindi imodzi isanakwane ndinali nditakhala pabenchi, kamfuno ali chuchuchu, befu ali pakhosi. Mnyamatayo anabwera kudzapepesa, ndipo chinandipweteka kwambiri n'chakuti sanali kumenya ndi mphamvu n'komwe. Akuluakulu sananame kuti mwamuna mnzako ndi pachulu, umalinga utakwerapo.

Sindikunena kuti karate ndi yachabe. Vuto linali kaphunziridwe ka pamalo pamenepo. Ndipo munthu amene anaiona msanga nkhaniyi anali wa ku Japan komweko, Jigoro Kano, amene anayambitsa judo ku Tokyo mu 1882. Iye anatenga luso lakale la jujutsu n'kupatula zoopsa zimene sungayeserere pa mnzako, kuti zotsalazo ophunzira azizichita ndi mphamvu zonse, wina akukana, popanda kuvulazana. Kuyesana kumeneku amakutcha randori. Ukangomva koyamba zimakhala ngati kubwerera m'mbuyo, kuchotsa mano a galu. Koma zotsatira zake ndi zakuti munthu amene wagwetsapo anthu okana kambirimbiri amaposa amene analoweza njira khumi zophera munthu koma sanaziyesepo pa aliyense. Aphunzitsi akakuuzani kuti luso lawo ndi loopsa kwambiri moti silingayesedwe, funsani mwaulemu kuti nanga iwowo anadziwa bwanji kuti limagwira ntchito. Malamba aja, ndingonena podutsa, anayambiranso kwa Kano yemweyu, a karate anachita kubwereka. Lamba amanena za kumene munthu wafika pa maphunziro a sukulu yake, sanena kanthu za zimene zingachitike pa Market Square usiku.

Nkhonya kuno ndi yakwathu. Akuluakulu a ku Mbare amakumbukirabe Proud Chinembiri, amene ankamutcha Kilimanjaro, katswiri wa Africa wa anthu olemera m'zaka za m'ma 1980. Langton Tinago anatenga lamba wa Commonwealth katatu. Charles Manyuchi anakapambana lamba wa Silver wa bungwe la nkhonya la dziko lonse la WBC ku Russia mu 2016, ndipo mu 2022 Kudakwashe Chiwandire anagonjetsa Catherine Phiri ku Lusaka, tsiku limene ena a ife a dzina la Phiri ndi Banda sitinkadziwa kuti tichemerere ndani. Kumudzi ku Malawi nakonso tili ndi Isaac Chilemba wa ku Blantyre, komanso Anisha Basheel amene anatenga lamba wa Commonwealth ku London mu 2018. Mbiri imeneyi ili ndi phindu kwa wophunzira wamba, chifukwa kumene masewera ali ndi mizu aphunzitsi odziwa amapezeka pafupi, ndipo zofunika ndi zochepa: chingwe cholumpha, mabandeji omanga m'manja, choteteza mano, ndi magolovesi amene poyamba mukhoza kubwerekana.

Chimene nkhonya imaphunzitsa msanga si kumenya ayi, koma kuyeza mpata. Umadziwa kuti apa mkono wake ungandifike, apa sungandifike. Umaphunzira kusatsinzina chinthu chikamabwera kumaso, kuika chibwano pansi, kusuntha mapazi osapingasa miyendo, ndi kupuma. Mphindi 3 za raundi imodzi zimaoneka zochepa ukakhala pabenchi, koma ukalowamo umazindikira kuti anthu ambiri amagonja ndi befu asanagonje ndi chibakera. Mtengo wake uli pamutu. Ubongo ukagwedezeka mobwerezabwereza umawonongeka, ndipo chisoti chija chimateteza khungu ndi mabala, sichiletsa ubongo kugwedezeka m'kati. Amene akuphunzirira kusangalala alibe chifukwa chomenyana mwamphamvu sabata ndi sabata. Kuyesana mopepuka kumakwanira, ndipo akamva chizungulire kapena mutu kuwawa atamenyedwa, apume ndi kukaonana ndi achipatala, asamvere za "ndiwe mwamuna, limba". Chinanso chimene anyamata sadziwa n'chakuti dzanja lopanda golovesi ndi losalimba. Kafupa ka kuseri kwa chala chaching'ono kamathyoka kawirikawiri chibakera chikagunda chipumi, ndipo bala la pachibakera lobwera ndi mano a munthu limatukusira moipa.

Karate ili mitundumitundu, ndiye musaiweruze yonse ndi nkhani ya mphuno yanga. Inachokera pachilumba cha Okinawa, ndipo Gichin Funakoshi anakaionetsa ku Tokyo mu 1922. Mtundu wake, Shotokan, pampikisano amawerengera amene wafikitsa msanga dzanja kapena phazi, kenako woweruza n'kuimitsa. Mtundu wa Kyokushin, wa Masutatsu Oyama, ndi wina: amamenyana zenizeni, mateche a m'ntchafu ndi zibakera za m'nthiti mpaka wina agonje. Ndi mtundu umenewu umene Samson Muripo anatengera ukatswiri wa dziko lonse ku Osaka mu 2009, ndipo kuyambira pamenepo Kyokushin ili ndi dzina lalikulu muno m'Zimbabwe. Imaumitsa thupi ndi mtima womwe. Chilema chake n'chakuti pampikisano saloleza chibakera cha kumaso, ndiye ophunzira ambiri amazolowera kutsitsa manja, pamene munthu wa m'bala chinthu choyamba chimene amaponya ndi chomwecho cha kumasocho. Aphunzitsi abwino amadziwa zimenezi ndipo amapatula nthawi yoti ophunzira avale magolovesi.

Taekwondo ya ku Korea, imene yakhala ikupikisanidwa mokwanira pa Olimpiki kuyambira ku Sydney mu 2000, ndi ya mateche ataliatali okongola kuona. Ana amaikonda, ndipo imafewetsa thupi. M'kombi yodzaza kapena m'kanjira ka pakati pa misika mwendo sungakwere mpaka kumutu kwa munthu, zimenezo n'zoona. Koma ku Epworth kuli mtsikana, Natsiraishe Maritsa, amene anadziwika dziko lonse chifukwa chosonkhanitsa atsikana anzake ndi taekwondo pofuna kulimbana ndi maukwati a ana. Theche lake silinagwetse aliyense wa anthu okwatira anawo. Chimene chinagwira ntchito n'chakuti atsikana anapeza pokumana, poyankhula ndi poimika mutu. Kumeneko nakonso ndi kudziteteza.

Ndikanati ndibwerere paunyamata, ndikanayamba ndi judo, ndipo chifukwa chake n'choseketsa. Masabata oyambirira a judo saphunzitsa kugwetsa munthu, amaphunzitsa kugwa. Umagona chagada pamatiresi, chibwano pachifuwa, n'kumamenya pansi ndi mkono wonse, phaa, phaa, mpaka thupi lizolowere kusatsogoza chikhatho kapena mutu. Taganizani, pa moyo wanu wonse mudzamenyana kangati? Mwina kamodzi, mwina ayi. Koma kuterereka m'matope a dzinja, kupunthwa pa dzenje la m'misewu yathuyi magetsi atazima, kugwa panjinga, zimenezo n'zosapeweka, ndipo munthu akamakula kugwa kumodzi kumatha kumuthyola chiuno. Kugwetsa kwenikweniko si kwachilendo kwa ife. Tonse tinakula tikupingana ndale pamchenga, mawu omwewa amene lero timatchulira zochita za aphungu ndi zipani, ndipo ndale ya mwana wa kudambo ndi yomwe ija a judo anaipatsa dzina la Chijapani n'kuikonza bwino. Mikangano yambiri imayamba ndi kugwirana malaya, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi aliyense muno amakhala atavala jekete lokhuthala ngati chovala cha judo. Chovuta n'chakuti judo imafuna matiresi abwino, motero malo ake sapezeka paliponse ngati a nkhonya, ndipo mawondo ndi mapewa a munthu woyamba atakula amadandaula.

Jiu-jitsu wa ku Brazil ndi mdzukulu wa judo. Anakafika kumeneko ndi Mitsuyo Maeda, banja la Gracie n'kumukulitsa mbali yolimbana pansi. Dziko linamudziwa mu 1993 pamene Royce Gracie, munthu wa thupi wamba, anapambana mpikisano woyamba wa UFC, bungwe lokonza mipikisano ya MMA, ku Denver pogwetsa anthu omuposa thupi n'kuwakanyanga mpaka kugonja. Ubwino wake ndi woti mumalimbana ndi mphamvu zonse popanda kumenyana kumutu, ndipo ukapanikizika umangogunda mnzako kawiri ndi dzanja, iye n'kukusiya. Palibenso masewera ena amene amaphunzitsa bwino chonchi kudzichotsa pansi pa munthu wolemera amene wakukhalira, luso limene kwa amayi ndi lofunika kuposa theche lililonse. Koma pamsewu pansi si pokhalitsa. Pali phula, mabotolo osweka, ndi anzake a munthuyo amene ali chiimire ndi nsapato. Phunzirani za pansi kuti muzitha kudzuka. Za MMA achinyamata amazitchula ndi dzina la Themba Gorimbo wa ku Bikita, amene analowa mu UFC mu 2023. Ndi masewera okwana mbali zonse, koma kuphunzira zinthu zinayi nthawi imodzi kumachedwetsa, ndipo malo ake kawirikawiri amadulirapo.

Aikido ndi tai chi, masewera a mayendedwe ofatsa, ndi zokoma, zimakhazika mtima pansi, ndipo tai chi imathandiza achikulire kuima mokhazikika. Ngati n'zimene mtima wanu wakonda, chitani, bola musadzinamize kuti mukukonzekera ndewu.

Chimene ndimachiopa ine ndi maphunziro a masiku awiri aja olonjeza kuti mukatuluka mudziwa kulanda mpeni. Ena amatchula Krav Maga, imene Imi Lichtenfeld anayambitsa ndipo asilikali a Israel amaiphunzira. Dzinalo si vuto, ndipo alipo amene amaiphunzitsa moona mtima, ndi kuyesana kwenikweni. Koma za mpenizo yesani nokha kunyumba. Valani malaya oyera akutha, mupatse mnzanu cholembera chamaka, mumuuze kuti akulembeni mmene angathere kwa masekondi 10 inu mukuyesa kumulanda. Tinachitapo zimenezi kuseri kwa nyumba ndi anyamata awiri odziwa nkhonya bwino lomwe. Malaya onse anatuluka ali mizeremizere, m'mimba, m'khwapa, pamkono, wina mpaka pakhosi. Panalibenso woseka. Munthu akatulutsa mpeni n'kufuna foni, mpatseni foni.

Apa ndi pamene masewera ndi moyo zimasiyana. M'holo mumakhala awiri olingana thupi, pali woweruza, pali kuwala, ndipo nonse mukudziwa kuti tayamba. Wachifwamba safuna mpikisano. Amasankha nthawi imene simukuyembekezera, amabwera ndi anzake, ndipo nkhani imatha musanaponde bwino. Za anthu oberedwa atakwera mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, usiku tonse tinazimva, ndipo mmenemo, pampando wakumbuyo pakati pa anthu awiri, palibe luso la dziko lililonse limene lingatambasuke. Chitetezo chinali posankha galimoto yokwera, pasiteji paja. Chimene masewera amakupatsa n'chocheperapo koma chenicheni: suuma thupi munthu akakugwira, umatha kudzimasula, uli ndi mpweya wothamangira, ndipo chifukwa unamenyedwapo ukudziwa kuti ndewu si chinthu choifunafuna. Anthu amene amayesana kwambiri m'holo ndi omwe amayamba kuchoka pamalo mkangano ukabuka.

Lamulo nalo lili ndi malire ake, ndipo aphunzitsi ambiri salitchula. Gawo 253 la Criminal Law (Codification and Reform) Act limalola munthu kudziteteza kapena kuteteza wina, koma pali zofunika kukwaniritsa: chiwembucho chikhale chitayamba kapena chili pafupi kuyamba, pakhale poti panalibe njira ina yochipewera kapena yothawira, njira imene mwagwiritsa ntchito ikhale yoyenerana ndi mmene zinthu zinalili, ndipo kuvulaza kwanu kusapitirire kutalitali zimene winayo akanakuchitani. Tanthauzo lake ndi lakuti wakuba akayamba kuthawa inu n'kumuthamangitsa kukamupondaponda, mlandu watembenukira kwa inu. Ndipo chibakera chimodzi chikhoza kupha, osati chifukwa cha mphamvu yake, koma chifukwa munthuyo amagwa chagada n'kumenyetsa nkhongo pasimenti. Kwa ife ena amene makolo athu anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhonsolo, ndipo mapepala athu anavutapo kale, kukhoti si malo oti munthu azipitako chifukwa cha matama.

Palinso chinthu chimene zotsatsa za "amayi dzitetezeni" zimachilambalala. Amene amavulaza amayi ndi ana nthawi zambiri si mlendo wobisala m'chimanga, ndi munthu wa m'nyumba momwemo kapena wodziwika. Pamenepo luso lopinda mkono silithetsa kanthu, chifukwa mawa mudzadzukanso naye. Njira yake ndi Domestic Violence Act ya 2007, imene imalola khoti kupereka chikalata choteteza wozunzidwa, ndi a Victim Friendly Unit kupolisi, ndi mabungwe ngati Musasa.

Tsono posankha penipeni, dzina la masewera limabwera kumapeto. Yambani ndi mtunda. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malo apamwamba a kutsidya kwa tauni ofuna makombi awiri popita ndi awiri pobwera mudzapitako mwezi umodzi basi, ndipo ngati maphunziro akutha 8 koloko usiku inu n'kumayenda nokha mumdima kuchokera pasiteji, mwadziika pangozi yomwe mumati mukuithawa. Kenako pitani mukangoonerera tsiku limodzi, musanalipire. Musayang'ane aphunzitsi, yang'anani ophunzira. Kodi alipo amene akhalapo zaka? Alipo amayi, alipo achikulire, kapena ndi anyamata okhaokha a minofu? Wodziwa akapatsidwa mlendo amamusamala kapena amamuonetsa? Malo amene mlendo amamuthira m'bwalo tsiku loyamba kuti "timuone mtima" ndi malo oti mutulukemo. Funsani ndalama zonse poyera, pamodzi ndi za mayeso a malamba ndi zovala, chifukwa pena yapamwezi imakhala yochepa koma malamba amabwera pafupipafupi, lililonse ndi mtengo wake. Ngati ndi kogwirana, fungo la matiresi likuuzani zambiri, pakuti chipere chimayenda msanga pa matiresi osapukutidwa. Ndipo ngati mukupereka mwana, aphunzitsi oletsa makolo kukhala pambali kuonerera asakupatseninso chifukwa china, mutengeni mwanayo.

Mwana wa achemwali uja ndinamuperekeza malo awiri. Koyamba anakopeka ndi zovala zoyera ndi zithunzi za pakhoma, koma kunali kofuna makombi awiri. Kwachiwiri ndi kuseri kwa mashopu, koyenda wapansi kuchokera kwawo, kuli thumba limodzi lomenya lomatamata ndi tepi, ndipo aphunzitsi ake ndi bambo wachikulire wa mawu apansipansi amene anayamba ndi kumufunsa ngati amasuta. Dzulo wanditumizira uthenga pa kafoni kamabatani kamene akugwiritsa ntchito pakadali pano.

"Amalume, masabata atatu tsopano, ndikungolumpha chingwe ndi kuyenda chammbuyo pagalasi. Sindinamenyepo munthu. Akatumba a miyendo akuwawa moti ndikutsika masitepe chammbali ngati nkhanu."

Ndamufunsa ngati apitenso Lachinayi. Wati apita, koma ndimugulire mabandeji.